Maso a Dotolo Afika ku Komboni

Ife akalaliki a Boma tiudziwa bwino ulendo wa pepala. Kalata icoka pa tebulo lina, nigona pa lina, nthawi zina nisowa pakati pa mafaelo, mwini wace ali cidikirire. Pa nkhani za msonkho kudikira kotere kungokwiyitsa munthu, koma pa nkhani za matenda kukhoza kutenga moyo. Cifukwa cace ndifuna kukamba nanu, anzanga amene mwangotsiriza sukulu, za njira ina yofupikitsa mtunda pakati pa mai ndi dotolo, imene inayesedwa m'makomboni mwathu muno m'Lusaka.

Mwa makhansa onse ogwira akazi m'Zambia, yocuruka koposa ndi khansa ya khomo la ciberekero. Ikhala zaka zambiri m'thupi yosapweteka, ndipo ikapezeka msanga icizika. Koma madotolo odziwa matenda a akazi ngowerengeka, ndipo ambiri a iwo ali ku cipatala cacikuru ca UTH. Mai wa ku George wogulitsa tomato pamsika, kuti akaonane ndi dotolo wotere, ayenera kusiya malonda tsiku lathunthu, kulipira minibasi, ndi kupeza womsungira ana. Cotero ambiri azengereza kufikira magazi atayamba kutuluka, nthendayo itazika kale mizu.

M'caka ca 2006 Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la CIDRZ anayambitsa nchito yopima khansa imeneyi m'makiliniki a Boma, motsogozedwa ndi madotolo awiri, Groesbeck Parham ndi Mulindi Mwanahamuntu. M'zaka zoyambirira nchitoyo inafika ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George. Kacitidwe kace kanali kotere: namwino apaka viniga pa khomo la ciberekero, ndipo pamalo podwala pasanduka poyera. Ajambula cithunzi ndi kamera, nacikuza kuti maiyo adzionere yekha. Namwino akakayika, atumiza cithunzico pa intaneti kwa dotolo, namdziwitsa ndi uthenga wa pafoni, ndipo dotolo ayankha ali kutali. Malo odwala akakhala aang'ono, namwino awaumitsa ndi mpweya wozizira kwambiri tsiku lomwelo. Akakhala aakuru, maiyo atumizidwa ku UTH.

Mlongo wanga wamng'ono anapimidwa ndi kamera yomweyo. Atabwerako anandiuza kuti, "Acimwene, kale ndikamva za khansa ndinkayesa nkhani ya ena. Lero ndaona thupi langa ndi maso anga, mantha andithera." Anapita m'mawa, ndipo masana anali atabwerera ku malonda ace.

Masiku ano akazi ofuna thandizo la pafoni acurukiracurukira, ndipo zifukwa zace sizibisika. Coyamba ndi manyazi. Pali zinthu zimene mtsikana sanganene ali pamzere wa ku kiliniki, mnansi wace ataima kumbuyo kwace. M'caka ca 2012 kunakhazikitsidwa U-Report, kuti anyamata ndi atsikana azifunsa za HIV ndi matenda opatsana mwa kulemba uthenga waulere ku nambala 878, ndipo amene sakanatsegula pakamwa pamaso pa munthu anayamba kufunsa ndi cala. Caciwiri ndi mliri wa COVID-19, umene unalowa m'dziko lino mu March 2020, pamene amai apakati anaopa khamu la ku cipatala, nazolowera kufunsa ali kunyumba. Safunsa anadya phula, ndipo ncabwino kuti tsopano kufunsa kwapepuka.

Koma walira mvula walira matope. M'nyumba zambiri foni ndi imodzi, ndipo ikhala m'thumba la bambo. Uthenga wa cinsinsi ca mai ufika kwa munthu wina. M'caka ca 2024, madzi atacepa ku Kariba cifukwa ca cilala, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo foni yopanda moto siitana dotolo. Ndiponso pa Facebook ndi WhatsApp padzala anthu odzicha asing'anga, ogulitsa mizu ndi mapiritsi amene ati acotsa zotupa za m'mimba. Mai akawakhulupirira ataya ndalama, natayanso miyezi imene akanacira nayo.

Pamenepa ndipo pagona nkhani yanga. Njira ya 2006 inapindula cifukwa pambali pa maiyo panali namwino wophunzitsidwa, wa manja ndi maso, ndipo foni inangonyamula cithunzi kumka naco kwa wodziwa koposa. Foni payokha singakhudze mimba kuti imve m'mene mwana wagonera, singaletse magazi, singabereketse munthu. Nchito yace ndiyo kuuza mai msanga kuti, "Musadandaule," kapena kuti, "Bwerani lero lomwe." Mau aciwiriwo akamveka, mapazi ayenera kuyenda ndithu.

Inu odziwa kuwerenga muli ndi gawo lalikuru m'zimenezi, pakuti amai anu ndi azakhali anu adzakupatsani foni kuti muwawerengere uthenga wa ku kiliniki, umene kawirikawiri ulembedwa m'Cingerezi. Werengani mau onse, musacotsepo kanthu, ndipo musakaulule kwa anzanu zimene mwawerengazo. Uthenga ukanena tsiku lobwerera, lilembeni, ndipo tsikulo likafika muwaperekeze. Kumbutsaninso makolo za katemera wa HPV woteteza ku khansa imeneyi, amene Boma linayamba kupereka m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 14 m'caka ca 2019. Ndipo inu anyamata, mukadzakwatira ndi kulandira malipiro anu, mudzakumbukire kuti mkazi wanu ayenera kukhala ndi foni yaceyace, imene namwino angamuitanirepo popanda kudzera mwa inu.