Zimene Mmisiri wa Matayala Amaphunzira kwa Madalaivala

Mmisiri wa matayala, yemwe ntchito yake ndi kumata, kupopa ndi kusintha matayala, amadziwa khalidwe la tayala kudzera m'njira ziwiri: zimene manja ake amakhudza akalivula pa rimu, ndi zimene madalaivala amamuuza akabwera kuchokera kumsewu. Madalaivalawo poyerekeza mitundu ya matayala amatchula zinthu zitatu, zomwe ndi kugwira msewu, phokoso ndi msanga umene tayala limathera, ndipo mmisiri wokhwima pantchito amazindikira kuti zitatuzi zimakokerana, moti n'kovuta kuti tayala limodzi lipambane pa zonse.

Gwero la kukokeranaku ndi labala. Labala wofewa amakakamira bwino phula, makamaka msewu ukanyowa, koma amaperepeseka msanga, pamene labala wolimba amayenda mtunda wautali koma amachedwa kuimitsa galimoto mabuleki akapondedwa mwadzidzidzi. N'chifukwa chake woyendetsa galimoto yakeyake amayamikira mitundu yodula monga Michelin ya ku France, Bridgestone ya ku Japan kapena Continental ya ku Germany, ponena kuti galimoto siterereka pamakona otsetsereka a ku Chiweta kapena ku Thabwa, pamene mwini minibasi, yemwe amawerengera ndalama za tsiku ndi tsiku, kawirikawiri amasankha mitundu yotsika mtengo ya ku China monga Linglong ndi Triangle. Mmisiri satsutsa aliyense mwa awiriwa asanafunse msewu umene galimotoyo imayendamo ndi katundu amene imanyamula.

Mano a tayala, kutanthauza timigula ndi timizere tosemedwa pambali yokhudza msewu, ntchito yawo yaikulu ndi kukankhira madzi kunja kuti labala akhudze phula. Mano akatha, madzi amalowa pakati pa tayala ndi msewu, galimoto n'kuyamba kuyandama, ndipo chiwongolero sichimveranso dalaivala. Opanga matayala amaika timapiri ting'onoting'ono mkati mwa timigulato, totalika mamilimita 1.6, ndipo mano akafanana msinkhu ndi timapiriti ndiye kuti tayalalo latha, ngakhale likhale ndi dzina lotchuka chotani. Mano omwewo ndi amenenso amabweretsa phokoso, pakuti mano akuluakulu otalikirana, monga a matayala a m'matope omwe amaikidwa ku Land Cruiser ndi Hilux, amalira kwambiri paphula, ngakhale kuti m'misewu yafumbi nthawi yadzinja ndi amene amapulumutsa.

Nkhani yofunika kuifotokoza mofatsa ndi ya matayala a kaunjika ndi amene amabwera ndi magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan. Ena mwa matayalawa, monga Bridgestone Blizzak ndi Yokohama iceGUARD, anapangidwira misewu ya chipale chofewa, ndipo amadziwika ndi timizere tambirimbiri tokhotakhota komanso chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu m'mbali mwake. Wogula akaona mano akuya amaganiza kuti wapeza mwayi, koma labala wake ndi wofewa kwambiri, kotero kuti paphula lotentha la mu Okutobala, makamaka ku Salima kapena kuchigwa cha Shire, amatha mofulumira ndipo galimoto imayenda mtunda wotalikirapo isanaime. Dalaivala wotere akadzanena kuti mtunduwo ndi wachabechabe amakhala akulakwira dzina, chifukwa vuto lenileni ndi lakuti tayalalo likugwira ntchito m'nyengo imene silinapangidwire.

Zaka za tayala nazo zimalembedwa pambali pake, ndipo mmisiri amaziwerenga asanayang'ane dzina. Kumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo za DOT kumakhala manambala anayi, awiri oyamba osonyeza sabata ndi awiri otsiriza osonyeza chaka, moti 2319 akutanthauza sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Labala amauma ndi kuchita ming'alu akamakalamba, ngakhale tayala litangokhala m'nyumba osayenda, ndipo opanga ambiri amalangiza kuti tayala lopitirira zaka 10 lichotsedwe. Chimodzimodzinso chilembo cha C pa tayala lolembedwa 195R15C chimasonyeza kuti ndi la magalimoto onyamula katundu wolemera, ndipo minibasi imene yavekedwa matayala opanda mphamvu yotere imakhala ikuyembekezera kuphulika kwa tayala.

Tayala lakutha limaulula mbiri ya mwini wake. Likadyeka m'mbali zonse ziwiri ndiye kuti linkayenda ndi mpweya wochepa, likadyeka pakati pokha mpweya unkachuluka, ndipo likadyeka mbali imodzi ndiye kuti miyendo ya galimoto inapotoka, nthawi zambiri chifukwa cha maenje, ndipo ikufunika kuwongoledwa pa makina. Chotupa chotuluka m'mbali chimasonyeza kuti ulusi wa mkati unaduka, ndipo tayala lotere silimatidwa, pakuti chigamba chimathandiza pamene msomali walowa pakati pa mano basi. Mmisiri amene amamata chotupa chifukwa chofuna ndalama amagulitsa moyo wa anthu pamtengo wa chigamba.

Choncho umboni wa madalaivala ndi wamtengo wapatali, koma umakhala wokwanira pokhapokha utayikidwa pamodzi ndi msewu, katundu, zaka za tayala ndi kasamalidwe kake. Mbali ya tayala lililonse imene imakhudza msewu ndi yaikulu ngati chikhatho cha munthu, ndipo miyoyo ya onse okwera imatsamira pa zikhatho zinayi zimenezi. Dalaivala aliyense ayeze mpweya ndi geji matayala asanatenthe, awerenge zolembedwa m'mbali asanatulutse ndalama, ndipo tayala likatha alichotse mvula isanayambe.