Mayeso olemba ndi manja, osati cholembera

Lero sindikamba za mtengo wa mafuta kapena kusowa kwa usipa. Ndikufuna tikambirane za mayeso ena a ophunzira udokotala, omwe iwo amati OSCE.

Mchemwali wanga ali ku KUHeS, komwe kale tinkati College of Medicine, ndiye wandifotokozera. Amakonza tizipinda tondondozana. Kachipinda kalikonse uli ndi mphindi zochepa chabe, belu likalira basi, thamangira kena. Umu wakhala munthu wonamizira kudwala, umufunse mpaka upeze vuto. Umo muli chidole, uonetse mmene ungatsitsimutsire munthu wosiya kupuma. Kwina uyeze BP. Pakona pali mphunzitsi ndi pepala, akuchonga: wasamba m'manja? Wapereka moni n'kudzitchula dzina? Wapempha kaye asanagwire thupi la munthu? Njirayi anailemba koyamba Ronald Harden ndi anzake ku Dundee, ku Scotland, mu 1975.

Ine nditamva ndinati, izi ndiye zathu zomwe. Munthu akhoza kuloweza ziwalo zonse za injini ya Yamaha, koma ikazima pakati pa nyanja mwera ukuwomba, palibe akufunse dzina la chitsulo. Manja akuyenera kudziwa okha poyambira: mafuta akufika? Pulagi ikupereka moto? Ukathamangira kumasula kabureta pomwe paipi yamafuta yangopindika, anthu agona pamadzi.

Chandisangalatsa kwambiri n'chakuti mayesowa amaphunzitsa asanafike n'komwe. Podziwa kuti kuli belu, anawa amatha masabata akuyesezerana okhaokha. Mchemwali akabwera ku holide, nyumba yonse timasanduka odwala. Bambo amawayeza chifuwa, ine amandiuza kuti ndinamizire kupweteka m'mimba, foni ili pambali ikuwerenga mphindi. Ndipo funso lomwe sangaliiwale kwa munthu wa kuno ndi lakuti: mumasamba kunyanja? Mkodzo umatuluka ndi magazi? Ife tonse tikudziwa likodzo. Dokotala wosafunsa zimenezo akhoza kukupatsa panado n'kukubweza kunyumba, matenda akudya chikhodzodzo mwakachetechete.

Zoona, chidole sichilira ngati mayi amene mwana wake wakomoka ndi malungo usiku. Wodwala weniweni salongosola mwandondomeko, ena amabisa chifukwa cha manyazi. Koma kuli bwino wophunzira aiwale kusamba m'manja pamaso pa mphunzitsi, amuuze, akonze, kusiyana n'kuti akaiwalire pa bala la bambo ako.

Ndiye mukakumana nawo ana ovala zoyerawa pachipatala, akufunsa mafunso ambirimbiri, musakwiye kuti akuphunzirira pa ife. Ayankheni zoona zokhazokha. Mawa ndi omwewo adzatilandire boti likatembenuka.

Tumizirani ena, makamaka amene ali ndi ana ofuna ntchito ya chipatala.