Mpando wa Atsibweni

Atsibweni anga, amene anali nyakwawa ya mudzi wathu ku Kasungu, anamwalira nyengo yodinda fodya, mabelo awo asanapite kumsika wa Chinkhoma. Maliro atangotha, mwana wawo wachisamba, msuweni wanga, anayamba kumva milandu pabwalo. Ankati anakulira pakhomo pa mfumu ndipo akudziwa malire a munda uliwonse. Sankanama.

Koma kwa ife Achewa ufumu suchoka kwa bambo kupita kwa mwana. Umadzera kuchikazi. Wolowa dzina amachokera kwa alongo a mfumu, ndipo omusankha ndi amayi a mbumba. Ku Britain n'zosiyana: udindo wa Duke kapena Earl kawirikawiri umagwera mwana wamwamuna woyamba, kaya ndi wanzeru kaya ndi chitsiru. Kwathu kubadwa kumangokuika pamzere, kenaka ntchembere zimayeza khalidwe lako.

Munthu amapita, dzina limatsala. David Livingstone anafika kwa Mwase mu 1863. Mu 1895 asilikali a atsamunda anagonjetsa Mwase Kasungu, koma ufumuwo ulipo mpaka lero. Dzina la m'mudzi mwathu ndi laling'ono, komabe limayenda njira yomweyo.

Tsiku lobwerera kusukulu, agogo anandiitanira kuseri kwa chigafa.

"Mdzukulu wanga, mbumba yaloza iwe."

"Agogo, ine ndikadali pasukulu. Bwanji osawapatsa asuweni? Ntchitoyi akuidziwa."

"Amene aja kwawo n'kwa amayi awo. Munda ukalandidwa muno, olira ndi alongo ako."

Ndinasowa choyankha. Ndinabwera kuno kudzaphunzira kuti ndikapeze ntchito ku Lilongwe, osati kukagawa madimba ndi kuyanjanitsa anthu okanganirana ngongole za feteleza. Koma ndikakana, malo a amayi anga ndi ana a alongo anga adzayang'aniridwa ndi munthu amene mbumba sinamusankhe. Ndikavomera, ndikakhala pampando umene msuweni wanga, amene ndinkadya naye mbale imodzi, ankauyesa wake.

Agogo sindinawayankhebe. Patchuthi chapitachi ndinapita kwa asuweni m'mamawa.

"Asuweni, kandionetseniko malire."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatenga chikwanje n'kutsogola. Tinayenda mpaka dzuwa kupendeka, iwo akutchula mwini wa munda uliwonse, ine ndikulemba m'kope. Za mpando sitinakambe.