Luso loumba piritsi silikhala papepala lokha

Ntchito yanga ndi youmba mapiritsi. Ndimagwira pafakitale ina ya mankhwala ku Blantyre, m'chipinda chomwe ufa umalowa uli m'migolo n'kutuluka uli timibulu toyera timene inu mumameza ndi madzi. Timapanga mankhwala odziwika kale, monga paracetamol ndi cotrimoxazole amene ambiri mumati bakitirimu, ndipo ufa wake timachita kuitanitsa ku India ndi ku China. Anthu amayesa kuti ufawo ukafika ndiye kuti ntchito yatha, chonsecho m'pamene imayambira.

Ufa wa paracetamol pawokha sugwirana ngakhale muupanikize chotani. Timausakaniza ndi sitachi ndi zomatira, kuunyowetsa kuti upange timisere, kuumitsa, n'kuusefa. Pomaliza timathiramo magnesium stearate pang'ono kuti usamatirire kuzitsulo. Ameneyu ndi wovuta: mukamusakaniza nthawi yopitirira, piritsi limayamba kukana madzi ndipo limachedwa kusungunuka m'mimba mwa wodwala. Timisere tikauma kwambiri, piritsi limasweka pamutu likungotuluka m'makina. Tikakhala ta chinyezi, limakakamira. Ndiye timayeza kulemera kwake, kulimba kwake, ndi kuliponya m'madzi ofunda madigiri 37 kuti tione ngati liphwasuke mphindi 15 zisanathe. Ena timawatsekera m'kabati yotentha madigiri 40 kwa miyezi isanu ndi umodzi, chifukwa mankhwala athu akakhala pashelefu ku Nsanje mu Okutobala.

Chikalata cha patent chimanena chomwe mankhwala ali ndi mwini wake, koma sichikuuzani kuti mu Januwale, mvula ikatenga malo, muwonjezere nthawi youmitsa ndi mphindi zingati. Nzeru zotere zimakhala m'mabuku momwe timalemba mtanda uliwonse womwe tapanga, komanso m'makutu mwa munthu amene amamva kuti makina asintha kulira piritsi lisanaonetse vuto. Chuma chenicheni cha kampani ya mankhwala ndi chimenechi, ndipo sichituluka pageti pokhapokha eni ake atagwirizana ndi anzawo.

Tikamayamba mankhwala atsopano ochokera kwa anzathu akunja, mapepala ndiwo amatsogola, anthu n'kubwera pambuyo. Amaima nafe pamakina, chifukwa chosakanizira chawo n'chosiyana ndi chathu, mpweya wa kwawo ndi wina, ndipo chomwe chimatheka kwawo sichingotheka kuno. Timapanga mitanda itatu motsatizana, yonse iyenera kupambana mayeso, kenako n'kukapempha chilolezo ku bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA. Pobwerera, alendowo amakhala atatolako zathu, ife titatolako zawo. Ndaona kuti zatsopano zimabadwira pamenepo, pomwe nzeru za nyumba ziwiri zakumana.

Taonani LA, mankhwala a malungo amene dziko lathu lidayamba kugwiritsa ntchito mu 2007 Fansidar atafooka. Artemether ndi lumefantrine onse adatulukiridwa ku China, ndipo gulu la Zhou Yiqing ndi lomwe lidawaphatikiza: woyambayo amakantha tizilombo mwachangu, winayo amatsalira m'magazi n'kumalizitsa. Koma akatswiriwo adalibe njira yolembetsera mankhwalawo m'maiko ena. Mu 1994 adagwirizana ndi kampani ya ku Switzerland ya Ciba-Geigy, yomwe pambuyo pake idalowa mu Novartis. Iyi idabwera ndi luso loyesa mankhwala pa odwala mwa njira yomwe maboma amavomereza, ndi lopanga ochuluka osasintha mphamvu. Mu 2001 idalonjeza bungwe la WHO kuti iziwagulitsa osaikapo phindu. Padatsala vuto la ana, amene ankalavula piritsi lowawa lochita kuperedwa. Novartis idagwirana manja ndi bungwe la Medicines for Malaria Venture, ndipo mu 2009 kudatuluka LA wotsekemera wosungunuka m'madzi. Mankhwala ake ndi omwewo. Chatsopano ndi kaumbidwe, ntchito ya anthu ngati ine.

Mbiri ya ma ARV nayo ndi yomweyo. Stavudine, lamivudine ndi nevirapine anali a makampani atatu osiyana, ndipo aliyense ankagulitsa wake payekha. Lamulo la ku India la 1970 linkateteza njira yopangira mankhwala, osati mankhwalawo, motero makampani a kumeneko adakhala zaka zambiri akunola luso lofika pa mankhwala omwewo podzera njira zawozawo. Imodzi mwa makampaniwo, Cipla, idaumba atatu aja kukhala piritsi limodzi la Triomune, ndipo mu 2001 mkulu wake Yusuf Hamied adalengeza mtengo wa madola 350 pachaka, pomwe kumaiko olemera unkaposa madola 10,000. Amalawi ambiri amene adayamba kulandira ma ARV aulere mu 2004 adayambira pa piritsi limeneli.

ARV wina, dolutegravir, adadzera njira ya mgwirizano kuyambira pachiyambi. Adachokera m'kafukufuku wa Shionogi ya ku Japan pamodzi ndi GSK, adavomerezedwa ku America mu 2013, ndipo chaka chotsatira mwini wake, kampani ya ViiV Healthcare, idapereka chilolezo ku Medicines Patent Pool kuti makampani ena amupange. Mylan ndi Aurobindo adamuphatikiza ndi tenofovir ndi lamivudine, ndipo mu 2017 piritsi limeneli, lotchedwa TLD, lidafika pa madola pafupifupi 75 pachaka. Kuno tidayamba kusinthira ku TLD mu 2019. Kuika mankhwala atatu m'piritsi limodzi si kungothira ufa pamodzi. Uyenera kudziwa amene amakoka chinyezi, amene amaononga mnzake akagundana, ndi mmene ungachepetsere kukula kwa piritsi kuti munthu asatsamwe. Wotulukira mankhwala adali ndi nzeru zake, woumba adali ndi zake, ndipo wodwala adapindula pamene awiriwa adalolerana.

N'chifukwa chake mtima umandipweteka ndikamva anthu akunena kuti Malawi angofunika makina kuti azidzipangira mankhwala. Makina amagulidwa, ndipo sitima imawabweretsa. Luso ndiye limafuna zaka, mitanda yambiri yolembedwa mosamala, ndi mnzako wodziwa amene wavomera kukutsegulira mabuku ake. Kwa akuluakulu amene amasainira mapangano ndi makampani akunja, pempho langa n'lakuti muzilembamo kuti akatswiri awo adzaime pamakina athu, athu akaime pa awo. Kwa eni mafakitale, musalole mmisiri wokalamba kupuma ntchito asanaphunzitse achinyamata ochokera ku KUHeS zomwe manja ake adziwa. Tikasunga nzeru zomwe tili nazo, tidzapita kokambirana titanyamula kathu, ndipo wobwera ndi kake ndi amene anzake amamuuza zakuya.