Kagalasi ka ku Mangalande ndi Lichero la Kwathu

Aphunzitsi anzanga amene muli kumudzi, ndikukulemberani kuchokera kuno ku Leeds, kumene ndimathandiza kuphunzitsa ana a pulayimale. Ndipo popeza makolo anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, mundilole ndikufotokozereni zimene ndaona m'dziwe lino pa phunziro lija Angerezi amalitcha symmetry, ndiko kunena kulingana kwa mbali za chinthu, kotero kuti ukachipinda pakati, mbali imodzi igona ndendende pa inzake.

Kuno mphunzitsi sathamangira kunena tanthauzo. Amapatsa mwana pepala, utoto ndi kagalasi. Mwanayo adontheza utoto mbali imodzi, napinda pepalalo, ndipo polifunyulula, taonani, gulugufe wa mapiko awiri ofanana. Pambuyo pake apinda sikweya napeza mizere 4 yoigawa pakati mofanana, apinda rekitango napeza 2 yokha. Ndipo iye amene amaumirira kuti mzere wochoka pa ngodya kunka pa ngodya ya rekitangoyo uwerengedwenso, angopinda yekha, naona nsonga zikusuzumira kunja, nakhulupirira popanda womkalipira.

Pamenepo mtima wanga unabwerera kwathu, ku zaka zotsatira 1994, pamene sukulu yaulere inadzaza makalasi kufikira ana ena kukhala pansi pa mtengo, ndipo ine, pokhala ndi choko chokha m'manja, ndinkajambula pabolodi, ana nabwereza mawu anga ngati nyimbo. Ndinkadandaula kuti tilibe zipangizo, chikhalirecho tsamba la mango linali kugwera pamapazi anga, mtsempha wake utaligawa pakati. Mbendera inali kuuluzika pabwalo, dzuwa lake lotuluka lili ndi kumanja kofanana ndi kumanzere. M'ming'oma njuchi zinali kumanga tizipinda ta mbali 6. Ndipo kunyumba amayi anali kupeta ndi lichero limene mluki wake, wosadziwa kulemba dzina lake, anawerenga nsungwi zake mosaphonya kuti maluko abwereze mwadongosolo. Indedi tinali nawo maso, koma osapenya.

Malemu Paulus Gerdes, katswiri wa masamu amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Mozambique namwalira mu 2014, anathera moyo wake kuonetsa kuti m'madengu, m'mphasa ndi m'zojambula za pamchenga za anthu a mu Afirika muli masamu enieni, oyenera kulowa m'kalasi.

Chifukwa chake ndikupemphani, abale anga, popeza mmera mpoyamba: musadikire magalasi ochokera kunja. Tumani ana abwere ndi masamba, chitenje cha amayi awo ndi beseni la madzi odekha, aone nkhope zawo m'menemo, apinde ndi manja awo. Ndipo ngati m'mudzimo akalipo agogo oluka malichero, muwaitane mwaulemu, muwapatse mpando wanu, pakuti phunziro limeneli iwo analidziwa ife tisanabadwe.