Ku Llŷn, Kumene Nyumba Zigona Zokha

Kumadzulo kwa cisumbu ca Britain kuli dziko laling'ono la mapiri, mvula ndi nkhosa, lochedwa Wales. Kumpoto kwake, m'cigawo ca Gwynedd, mtunda utambasuka kulowa m'nyanja ngati mkono wa munthu amene aloza ku Ireland. Mkono umenewu ndiwo Llŷn, ndipo kutalika kwake ndi makilomita pafupi-fupi 50. Owerenga okondedwa, mwezi uno tiyeni tiyende pamodzi m'dera limeneli, pakuti kumeneko kuli mlandu umene wagawanitsa anansi ndi abale. Mlandu wake ndi uwu: kodi munthu wogula nyumba ndi ndalama zake angaitseke miyezi khumi pa caka, pamene ana obadwira m'mudzimo asowa pokhala? Nanga khonsolo ili ndi mphamvu yotani yomuletsa?

Ulendo wathu uyambira ku Caernarfon, tauni ya m'mbali mwa nyanja kumene kuli linga lalikulu la miyala limene Edward Woyamba, mfumu ya ku England, anayamba kumanga mu 1283 atagonjetsa eni dziko. Pafupi ndi lingalo pali maofesi a khonsolo ya Gwynedd. M'misewu, m'masitolo ndi m'misonkhano ya makhansala mudzamva cinenero ca makolo ao, ci Welsh, cimene cisiyana kotheratu ndi Cingelezi. Kalembera wa 2021 anapeza kuti m'Wales monse olankhula cineneroci sakwana 18 mwa anthu 100 ali onse, koma m'Gwynedd afika 64. Sungani ciwerengero cimeneci mumtima, cifukwa kuno nkhani ya nyumba ndi nkhaninso ya cinenero. Banja la eni dera likasamuka, lisamuka ndi mau ake omwe.

Kucokera ku Caernarfon msewu utsata gombe la kumpoto. Udutsa pa Clynnog Fawr, pamene apaulendo opita ku malo oyera anali kupumula kale pa chalichi ca Beuno Woyera, nufika pa mapiri atatu a Yr Eifl. Kuseri kwa mapiriwo, m'cigwa cakuya coyang'ana kunyanja, muli Nant Gwrtheyrn. Uwu unali mudzi wa anthu ophwanya miyala yoyala m'misewu ya mizinda ya ku England. Nchito ya miyala itatha, mabanja anacoka limodzi-limodzi mpaka mudzi wonse unasanduka bwinja. Mu 1978 dokotala wa m'deralo, Carl Clowes, pamodzi ndi anzake anakhazikitsa bungwe logula bwinjalo, ndipo nyumba zake zinakonzedwanso kukhala malo ophunzirirako ci Welsh. Motero anthu a ku Llŷn anaona ndi maso ao kuti mudzi utha kufa makoma ake ali ciimire.

Koma imfa imene aopa masiku ano ndi ya mtundu wina. Mudzi wa miyala uja unafa cifukwa panalibe woufuna, pamene midzi ya lero idwala cifukwa oifuna aculuka. Tikafika ku Nefyn, tauni yakale ya asodzi, tiona m'mene zimenezi zicitikira. Anthu opeza bwino a ku Manchester, Liverpool ndi Cheshire akopeka ndi mcenga, mpweya wabwino ndi bata la kuno. Ena agula nyumba yaciwiri yoti azifikiramo pa chuthi ca Julaye ndi Ogasiti. Ena agula nyumba kuti azibwereketsa kwa alendo masiku ocepa-cepa, kudzera pa intaneti pa Airbnb ndi makampani ena otere. M'nyengo yotentha nyumba yotero itha kubweretsa pa sabata imodzi ndalama zimene banja la lendi likadalipira pa mwezi wathunthu. Nanga mwini nyumba adzasankha ciani? Mnyamata wogwira nchito pa famu, kapena namwino wa pa cipatala, akafuna kugula nyumba apikisana ndi munthu wa malipiro a mumzinda waukulu, ndipo wopambana adziwika mpikisano usanayambe.

Mliri wa Covid-19 mu 2020 ndi 2021 unasonkhezera motowu, pakuti ambiri analephera kupita ku maiko akunja, ndiponso anazolowera kugwira nchito ali kunyumba. Mu 2020 anthu a ku Nefyn anayambitsa gulu lochedwa Hawl i Fyw Adra, kutanthauza ufulu wa munthu wokhala kwao. Kafukufuku wa khonsolo anaonetsa kuti anthu pafupi-fupi 65 mwa 100 ali onse a m'Gwynedd sakanakwanitsa kugula nyumba m'cigawo cao comwe.

Msewu uthera pa Aberdaron, mudzi womaliza anthu asanaoloke kupita ku Ynys Enlli, cisumbu cimene mwambo wao unena kuti munaikidwa oyera 20,000. Tikatembenukira ku gombe la kum'mwera tifika ku Abersoch. Mu Ogasiti doko lidzaza ndi mabwato okongola, ndipo malo oimika galimoto asowa. Tinyumba ta pamcenga tosinthiramo zovala, topanda madzi ndi magetsi, tagulitsidwapo pa mtengo woposa mapaundi 100,000. Koma bwerani mu Januwale, pamene mdima ugwa cakuma 16 koloko. Mudzayenda msewu wonse ndi kuona nyali m'mazenera awiri kapena atatu okha. Nyumba zina zonse zili zopakidwa penti, zosamalika, zokhoma, ndipo zigona zokha. Kumapeto kwa 2021 sukulu ya pulaimale ya ku Abersoch inatsekedwa, popeza munatsala ana owerengeka. Akulu anati mlendo ndi mame. Mame ndi abwino ndithu, anyowetsa udzu m'mawa, koma palibe anakolola cimanga podalira mame. Mlendo wa pa chuthi agula nsomba ndi buledi, koma satumiza mwana ku sukulu, sayimba m'kwaya, sakhala nao pa maliro.

Mkwiyo wa eni dera sunayambe lero. Mu Disembala 1979 nyumba zingapo za alendo zinatenthedwa usiku, ndipo ina mwa zoyambazo inali ya kufupi ndi Nefyn. Gulu lobisika lodzicha Meibion Glyndŵr linapitiriza kutentha nyumba mpaka kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, ndipo zinapsa zoposa 200. Moto sunapatse mwana ali yense nyumba, unangosiya phulusa, mantha ndi kukaikirana. Cifukwa cake mbadwo wotsatira unasankha njira ya lamulo.

Cida coyamba cinali msonkho. Kuyambira mu 2017 makhonsolo a ku Wales analoledwa kuonjezera msonkho wa khonsolo pa nyumba zaciwiri. Gwynedd inaonjezera ndi 50 peresenti mu 2018, inafika pa 100 peresenti mu 2021, ndipo mu Epulo 2023 inafika pa 150 peresenti. M'mwezi womwewo boma la Wales linakweza malire mpaka 300 peresenti. Linatsekanso kampata kamene ena anali kuthawirako. Kale munthu akanena kuti nyumba yake ndi bizinesi ya alendo, zinali zokwanira kuibwereketsa masiku 70 pa caka kuti acoke pa msonkho wa khonsolo. Kuyambira mu 2023 anafunika kuibwereketsa masiku 182. Gawo lina la ndalama za msonkhowu khonsolo inaliika pa nchito yogula nyumba, kukonza zopanda anthu, ndi kuthandiza ogula koyamba.

Komabe msonkho suletsa wolemera; alipira, napitiriza. Tsono panafunika cida caciwiri, ndico malamulo a kamangidwe ndi kagwiritsidwe nchito ka malo. Kuyambira mu 1947 lamulo la ku England ndi Wales linena kuti wofuna kumanga, kapena kusintha kwakukulu nchito ya nyumba, ayambe wapempha cilolezo ku khonsolo. Simungasandutse nyumba yogona kukhala sitolo mwa kufuna kwanu. Koma kwa zaka zambiri nyumba ya banja ndi nyumba ya pa chuthi zinali cinthu cimodzi pamaso pa lamulo, ndiye khonsolo inalibe ponenapo. Mu Okutobala 2022 boma la Wales linagawa nyumba m'magulu atatu. Gulu la C3 ndi nyumba yeni-yeni ya munthu, imene akhalamo masiku oposa 183 pa caka. Gulu la C5 ndi nyumba yaciwiri, yokhalamo masiku 183 kapena ocepera. Gulu la C6 ndi nyumba yobwereketsa kwa alendo, ali yense osapitirira masiku 31.

Magulu okha sanaletse kanthu, pakuti lamulo linalolabe munthu kusuntha nyumba yake kucoka m'gulu lina kupita m'linzake popanda kupempha. Koma linapatsa khonsolo ili yonse mphamvu yocotsa ufulu umenewo m'dera lake, mwa cigamulo cochedwa Article 4, ikaonetsa umboni wakuti vuto lilipo. Gwynedd ndiyo inayamba m'Wales monse. Inapereka cenjezo la caka cathunthu, inafunsa maganizo a anthu, ndipo pa 1 Sepitembala 2024 cigamuloco cinayamba kugwira nchito. Colinga cinali cakuti wofuna kusandutsa nyumba ya banja kukhala yaciwiri kapena ya alendo ayambe wagogoda ku Caernarfon. Nyumba zimene zinali kale za chuthi sizinakhudzidwe, ndipo yobwerera kukhala ya banja sinafune cilolezo. Bungwe loyang'anira nkhalango ndi mapiri a Eryri, limene lili ndi mphamvu zake-zake pa za kamangidwe, linayambitsa cigamulo conga comweci mu Juni 2025.

Musaganize kuti otsutsa anali alendo okha. Ambiri anali eni dera, olankhula ci Welsh. Nkhalamba imene cuma cake conse ndi nyumba inaopa kuti mtengo wake udzatsika, popeza ogula adzacepa. Makolo anafunsa kuti: mwana wathu amene agwira nchito ku Cardiff, akalandira nyumba ino ife titapita, adzapempha cilolezo kuti azigona m'nyumba ya atate ake? Ena anaopa kuti mabanki adzakana kupereka ngongole. Osesa m'nyumba za alendo, akalipentala, ophika ndi ogulitsa m'masitolo anakumbutsa khonsolo kuti cakudya cao cicokera m'thumba la mlendo yemweyo. Anatinso lamuloli linagwera pa nyumba za anthu okhala m'deralo, pamene amene anagula kale nyumba zaciwiri anatsala mu mtendere. Madandaulo amenewa sanali opanda pake.

Otsutsawo anasonkha ndalama, natengera nkhaniyi ku bwalo lalikulu la milandu. Mu Sepitembala 2025 woweruza anagamula kuti khonsolo inalakwitsa. Sananene kuti kuteteza midzi ndi kulakwa. Colakwa cinali m'lipoti limene akulu a khonsolo anawerenga asanavomereze. Lipotilo linawapatsa cithunzi cakuti kusintha kuli konse kudzafuna cilolezo, pamene lamulo ligwira kokha kusintha kumene kuli kwakukulu, ndipo nyumba ili yonse iyenera kuyesedwa payokha. Popeza anasankha atauzidwa zosakwanira, cosankha cao sicikanaima, ndipo caka ca 2025 cisanathe bwalo linafafaniza cigamuloco. Kuthamanga sikufika. Nchito ya zaka zingapo inagwa cifukwa ca mau osalongosoka pa pepala.

Llŷn sali yekha pa vutoli. Ku St Ives, tauni ya asodzi ya ku Cornwall, anthu anavota mu 2016 kuti nyumba zatsopano zizigulitsidwa kwa okhalamo caka conse okha, ndipo bwalo la milandu linavomereza. Koma lamulo lao linakhudza zomangidwa kumene zokha, ndiye nyumba zakale zinakhalabe pa msika wa ali yense. Njira ili yonse itseka khomo lina ndi kusiya lina lotsegula.

Nanga tinene ciani pa mlanduwu? Ine ndiona kuti khonsolo ili ndi cifukwa comveka colowererapo. Nyumba ndi ya mwini wake, inde, koma iima pa msewu wa onse, imwa madzi a onse, ndipo ikakhala yokhoma sukulu itaya mwana, sitolo itaya wogula, ndipo nkhalamba ya pafupi itaya woiyendera. Ufulu wa mmodzi ukacitidwa ndi anthu mazana pa nthawi imodzi, usintha moyo wa mudzi wonse, ndipo ndi bwino kuti mudzi ukhale ndi liu. Koma mphamvu yotere ifuna coonadi cathunthu. Wofuna kukhudza cuma ca mnzake, ngakhale pa cifukwa cabwino, ayenera kudziwa bwino cimene lamulo lake licita ndi cimene silingacite, ndi kuuza anthu mosabisa.

Tikumbukirenso kuti cilolezo ciletsa cabe, sicimanga khoma. Ngakhale nyumba zonse za ku Abersoch zitatsika mtengo, mnyamata wa malipiro a miyezi itatu pa caka sadzazigula. Llŷn afuna nyumba zatsopano za mtengo wofikirika ndi nchito zokhalitsa m'nyengo yozizira, ndipo afunanso alendo ake, pa muyeso umene midzi ingathe kusenza. Tsiku limene mwana wa ku Nefyn adzakwatira ndi kupeza nyumba pafupi ndi amai ake, ndipo nyali zidzayaka m'mazenera a Abersoch mu Januwale, pamenepo tidzadziwa kuti mlandu watha.