Kamotoka ka Cifalansa m'Tauni ya ma Toyota

Mu Lusaka muno ukakamba kuti wagula motoka, anthu safunsa zambiri. Amangofuna kudziwa ngati ni Vitz, Corolla kapena Allion, komanso ngati inaloŵera pa Nakonde kapena pa Chirundu. Yanga ni Renault 4 ya mu 1983, ndipo yankho limeneli limatseka pakamwa. Ena amaseka, ena amanimvera cifundo poganiza kuti malipiro a uphunzitsi ndiwo ananifikitsa pamenepa. Sananame kwenikweni, cifukwa n'naigula mochipa kwa banja lina limene linatopa nayo pa yadi. Koma nakhala nayo zaka zitatu, ndipo acinyamata angapo kwathu ku Matero anifunsa ngati nawonso angayambire pa motoka yakale yotere. Nifuna kuwayankha mosabisa.

Kampani ya Renault inayamba kupanga kamotoka aka ku France mu 1961, ndipo inapitiriza kwa zaka zoposa 30 mpaka tinakwana toposa 8 miliyoni. Mkulu wa kampaniyo, Pierre Dreyfus, anali kufuna motoka yonga thirauzi ya jinzi: yoti mlimi, mayi wa pamsika na mwana wa ku koleji onse iwakwane. Afalansa amakachula Quatrelle. Giya yake si ya pansi, ni ndodo yotuluka pa dashibodi monga cogwirira ca ambulela, umaikankha na kuikoka. Mawindo satsika, umangowakankhira pambali. Ukakayeza na tepi udzapeza kuti kutalikirana kwa tayala ya kutsogolo na ya kumbuyo sikufanana kumanzere na kumanja. Si kupindika ayi, anakapanga conco kuti zitsulo zofeŵetsa mabampu za kumbuyo zigone cina kutsogolo kwa cinzake. Ngakhale Papa Francis anapatsidwa kena mu 2013 na wansembe wa ku Italy, katayenda kale makilomita 300,000. Mfundo imeneyi inathandiza kuti apongozi anga aleke kukayang'ana na diso loipa.

Ubwino wake waukulu ni wakuti umakamvetsa. Ukatsegula boneti, zonse zili poyera: injini ya masilinda 4, kabuleta, mapulagi, disitibyuta na mapointi ake. Mulibe kompyuta. Anzanga a mamotoka atsopano, kanyale kakayaka pa dashibodi, amalipira coyamba kuti makina aŵerenge vuto, sipanala isanakhudze bawuti iliyonse. Ine kakakana kuliza nimafunsa mafunso atatu cabe: petulo ifika? Moto ulipo pa mapulagi? Mpweya uloŵa? Kambiri yankho imapezeka tiyi isanazizire.

Nimaphunzitsa sayansi, ndipo kamotoka aka kanicitira nchito imene coko na bolodi zinalephera. Zaka zonse n'nali kujambula mmene injini imakokera mpweya, kuupanikiza, kuuyatsa na kuutulutsa, ana n'kumaloŵeza monga ndakatulo. Tsopano nimawatulutsa panja, timacotsa pulagi imodzi, mwana amatseka cala pa bowo, ena amakankha motoka pang'ono ili m'giya. Mpweya ukamukankha cala, nkhope yake imasintha. Mtsikana wina amene sanali kuyankhako m'kalasi ndiye anachuna mapointi tsiku lina, ndipo injini italira anakuwa kuposa anyamata onse.

Pa miseu yathu nako kamacita bwino. Kanapangidwira miseu ya m'mafamu a ku France, conco nthawi ya mvula kamadutsa m'maenje mopendama monga bwato, koma osagunda pansi. Kamalemera pafupifupi makilogalamu 700, anyamata atatu amakakankha akuceza. Petulo kamamwa pang'ono. Ndipo akawalala alibe nako nchito, cifukwa palibe amene angawagule nyale kapena galasi yake.

Pamenepo m'pamene pali vuto. Ngati kawalala alibe kogulitsa, ndiye kuti iwenso ulibe kogula. Mashopu a masipeya mu tauni yathu amakamba citundu cimodzi, ca Toyota. Ukachula Renault 4, wogulitsa amakuyang'ana monga wapempha mkaka wa nkhuku. Mawilo ake ali na mabawuti atatu cabe, osati anayi kapena asanu, conco rimu imodzi itapindika n'nafunafuna mwezi wonse. Karabala kena ka mabuleki, kocepa monga mphete, n'nakaitanitsa ku France pa intaneti. Mtengo wake unali wocepa, koma wotumizira unaposa kanthuko kangapo, ndipo motoka inakhala pa njerwa mawiki 7. Mawiki onsewo n'nali pa minibasi, kondakitala akunifunsa kuti, "Aticha, nanga ndeke yanu ili kuti?"

Ku Antananarivo, likulu la Madagascar, tumotoka utu tikali kugwira nchito ya taxi. Kumeneko n'tosavuta kusunga cifukwa amakanika amatidziŵa ndipo masipeya amapezeka. Kuno, kamotoka kamodzimodzi ni mlendo wopanda acibale. Amakanika acicepere ambiri anaphunzira nchito pa mamotoka a kompyuta, ndipo kabuleta amaiopa. Amene amanipulumutsa ni mdala wina amene anakulira pa ma Peugeot 404 na 504. Amachuna injini na khutu, mutu ataupendeketsa, n'kukamba kuti, "Mwana wanga, imvera, yaleka kutsokomola." Koma maso ake ayamba kufooka, ndipo palibe amene akuphunzira kwa iye.

Za dzimbiri, congo na kutentha kwa mu October popanda eyakoni, izo munthu amazoloŵera. Cimene sinizoloŵera ni ici: injini yake ili na mphamvu ya mahachi 34 cabe. M'tauni zimakwanira. Pa Great East Road, kupitirira thiraki kumafuna mseu wautali wopanda kanthu, ndipo ukakhala pambali pa matayala ake umaona kuti citseko cako n'copyapyala monga malata. Mulibe ma airbag. Kanapangidwa m'nthawi imene opanga mamotoka sanali kuganizira kwambiri za zimene zimacitikira thupi la munthu pa ngozi. Amake mwana anaika lamulo lakuti mwana wathu sadzakwera kamotoka aka kupitirira Chongwe, ndipo sin'natsutse. Kumudzi ku Chipata timapita pa basi. Mapiri a Manenekela na malole amene amatsika kumeneko si malo oonetserapo cikondi ca zinthu zakale.

Conco kwa iwe mufana amene wasunga tundalama ndipo ufuna motoka yoti ikubweretsere cakudya, kaya pa Yango kapena kunyamula katundu ku Soweto, gula Toyota yako, usacite manyazi. Motoka imene ingagone mawiki 7 cifukwa ca karabala ingakugwetse bizinesi. Koma ngati uli na pa yadi poisungira, uli na ma Ciŵelu opanda zocita, ndipo kupita ku nchito pa basi sikukucotsera ulemu, bwera udzaione. Bwera na zovala zakale.

Ine nagula buku ya cikuto colimba, ndipo Ciŵelu ciliconse nimapita kwa mdala uja kukalemba zimene akamba. Nafika pa peji 40. Wiki ino tiyamba za giyabokosi, cifukwa giya yaciŵiri yayamba kulira nikaloŵetsa m'maŵa.